KLR650 yotentha pamzere wa magalimoto, fani ili chete

Njinga yamoto imeneyi inafika pagalaja yanga ku Biwi sabata yotsatira Tsiku la Anakubala, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati moto. Ndi Kawasaki KLR650 ya mtundu wakale, uja ankaupanga kuyambira 1987 mpaka 2007, ya silinda imodzi, yoziziritsidwa ndi madzi. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ku Area 49 amene amayendera alimi a fodya ndi soya ku Mitundu ndi ku Nsaru. Anaigula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku South Africa, ndipo inali itatha zaka zitatu ili m'manja mwawo.

Bambowa sanabwere kudzafunsa kuti njinga ikudwala chiyani. Matenda anali atawapeza kale okha, mankhwala nawo anali atawasankha. Atangovula chipewa anati, "Achimwene, mungondilumikizira fani molunjika kuti ndikaliza njinga izingozungulira. Zina zonse zili bwinobwino."

Pempho ili ndimalimva chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika, pa njinga ndi pa magalimoto pomwe, ndipo ndimalikana. Koma munthu wamkulu sumukana atangofika. Ndinawapatsa benchi pamthunzi n'kuwapempha kuti andifotokozere kuyambira pachiyambi.

Anati akadzera ku bypass popita ku Mitundu, njinga ikuthamanga, muvi wa geji ya kutentha umakhala pamwamba pang'ono pa pakati, osapitirira. Akalowa m'tauni, makamaka masana pamzere uja umayambira ku Crossroads kutsetsereka mpaka pamlatho wa Lilongwe, muvi umakwera mpaka kugunda pofiira. Akazimitsa, injini imabwata ngati mphika wa nyemba. Fani anali asanaimveko ikulira kwa miyezi ingapo. Mmisiri wina anawauza kuti yapsa, anagula ina yogwirapo kale ntchito n'kuiyika, koma nayonso inangoti zii. Yakaleyo anali nayo m'chikwama.

Ndinafunsa za madzi. Anati amathira a pamjigo kumene akuyendera alimi, kapena a pampopi akakhala kunyumba, ndipo amathira m'kathanki kapulasitiki kaja kosungira madzi otsala a redieta. Chivindikiro cha pa redieta anali asanachitsegulepo chigulireni njinga, poti chimabisika kuseri kwa pulasitiki. Kenaka anawonjezera mawu amene tsikulo ndinangowamva osawasunga. Anati kale njinga inkamwa botolo la Fanta la madzi pa sabata, koma kwa miyezi iwiri inali itasiya kumwa, ndiye iwo ankati podontha padatsekeka pokha.

Kwa amene sanagwirepo njinga ya mtundu uwu, njira ya magetsi a fani ndi yaifupi. Moto umachoka ku batire, n'kudutsa pa fyuzi ya fani yokha, n'kufika pa relay, kachipangizo kamene kamalola moto kudutsa kakalamulidwa, kenaka pa fani. Relay imadikira lamulo kuchokera ku swichi yomva kutentha, imene inamangidwa pansi pa redieta. Madzi a pamenepo akafika cha m'ma madigiri 95 mpaka 100, swichi imalumikiza waya wake ku chitsulo cha njinga, zimene timati kupereka earth, relay imagunda, fani n'kuyamba. Geji ya kutsogolo ija ilibe nawo gawo. Iyo ili ndi kachipangizo kake komva kutentha pamutu pa injini. Ndiye kuti geji ikunena za kumutu, swichi ikunena za pansi pa redieta, ndipo malo awiriwa amagwirizana pokhapokha madzi akamazungulira bwino. Mfundo iyi ndinkaidziwa kuyambira kale, koma tsiku loyamba sindinaigwiritse ntchito.

Tsiku loyamba

Ndinazula waya wa pa swichi n'kuugunditsa pa chitsulo cha injini. Pa njinga imeneyi fani imayenera kuzungulira pompo, ngakhale kiyi ali wozimitsa. Sinagwedezeke. Fani imene inali pa njinga ndinailumikiza ku batire ndi mawaya awiri, inazungulira mwamphamvu. Yakale ya m'chikwama ija ndinaiyesanso chimodzimodzi, nayo inazungulira popanda phokoso lililonse lachilendo. Bambo aja anangogwira pakamwa. Ndalama zawo zinali zitapita pa chinthu chimene sichinafe.

Fyuzi ndi ya galasi. Poiyang'ana padzuwa inali yamoyo, kawaya ka mkati kosaduka. Mita inawerenga 12.5V mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene ambiri amatembenukira kwina, amvekere fyuzi ili bwino, moto ukufika. Koma mita siikoka mphamvu, imangonunkhiza. Ndinauza mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira ntchito pagalaja pano, kuti agunditsenso waya uja pa chitsulo ine ndikuyezabe. Relay inati tcha, ndipo mbali yotulukira moto inagwa kufika cha m'ma 4V. Timapanda togwira fyuzi tinali tobiriwira ndi dzimbiri, ndipo kamodzi kanali kolefuka moti fyuzi inkasewera. Moto wokwanira kusangalatsa mita unkadutsa, koma wozunguza fani ayi. Pa chifukwa ichi ndimakonda babu loyesera kuposa mita ndikamasaka vuto la mtundu uwu, chifukwa babu limafuna mphamvu ndithu ndipo likaperewera limangofiira.

Tinapala ndi sandipepa, tinapana timapanda, tinaika fyuzi yatsopano ya muyezo womwewo, tinapakako girizi pang'ono poteteza madzi. Tinagunditsa waya, fani inalira. Bambo aja anawomba m'manja.

Ndinaliza injini kwa mphindi ngati 10. Muvi unadutsa pakati, fani sinayambe, ine n'kuganiza kuti nthawi yake sinakwane. Panja panali anyamata atatu a kabaza akudikira, aliyense akuti makasitomala akumuthawa. Ndinazimitsa njinga, ndinalandira ya ntchito, ndinawauza bambo aja kuti vuto latha. Akuluakulu amati osafulumira kumeza kutafuna kukadakoma, ndipo ine ndinameza. Ndinali nditatsimikiza kuti fani ikhoza kuzungulira ikalamulidwa. Sindinadikire kuti ndione ngati lamulolo likubwera lokha. Ichi chinali cholakwa changa, ndipo chikadatha kupsetsa injini ya munthu.

Anabweranso patapita masiku awiri akukankha njinga. Anaikankha kuchokera kufupi ndi mlatho, mtunda wokwera wonse uja, malaya atanyowa ndi thukuta. KLR si njinga yopepuka. Sanandikalipire. Anangoti, "Achimwene, ija yayambanso, ndipo fani yanu sinalire." Ndinapepesa, ndinawauza kuti aisiye igone, ndiyambe m'mawa injini ili yozizira, ndipo ya ntchito yoyamba ija ndidzaichotsera.

Kuyambiranso, injini ili yozizira

Kathanki kapulasitiki kanali kodzaza mpaka pamzere wa pamwamba. Nditachotsa pulasitiki n'kutsegula chivindikiro cha redieta, madzi sankaoneka. Ndinawunika ndi tochi, timachubu ta pamwamba tinali pambalambanda, touma. Pakhosi pa redieta panali zoyera zolimba, zija zimamata m'ketulo yophitsira madzi a pamjigo. Labala wa chivindikiro anali wong'aluka, wapamwamba ndi wapansi yemwe.

Mawu a botolo la Fanta aja anandibwerera pamenepo. Chivindikiro cha redieta chili ndi ntchito ziwiri. Madzi akatentha n'kufufuma, chimawapanikiza mpaka muyezo wolembedwa pamwamba pake, pano 1.1, kenaka chimalola otsala kupita m'kathanki. Injini ikazizira, madzi amabwerera m'chimake, mkati mumakhala mpweya wokoka, ndipo chivindikiro chimalola kuti redieta iyamwe madzi kuchokera m'kathanki muja. Labala wapamwamba akang'aluka, redieta imayamwa mphepo ya panja m'malo mwa madzi, monga momwe kaphesi koboola pambali kamakanikira kukoka chakumwa. Kathanki kamakhala kodzaza, mwini njinga amakondwa, pamene redieta ikuuma tsiku ndi tsiku. Njinga sinasiye kumwa chifukwa yachira. Inasiya chifukwa inalephera kumeza.

Ntchito yopanikiza ija nayo ndi yaikulu kuposa momwe anthu amaganizira, makamaka kuno kwathu. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Madzi amene m'mabuku a sukulu amawira pa madigiri 100, kuno mumphika wosavindikira amawira pa 96 kapena 97. Chivindikiro chamoyo cha 1.1 chimakweza malire amenewo kufika cha m'ma 120, ndipo coolant, mankhwala aja othira m'redieta, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amawonjezeranso. Njinga iyi inali ndi madzi okhaokha, chivindikiro chosagwira. Ndiye kuti kumutu kwa injini madzi ankayamba kuwira pa kutentha komweko kumene fani imayenera kuti iyambe kumene ntchito. Kubwata kumene bambo aja ankamva akazimitsa ndi kumeneku.

Ndisanapite patali ndinafuna kudziwa ngati gasiketi ya kumutu, chotsekera cha pakati pa mutu wa injini ndi silinda, inapulumuka, chifukwa ikakhala kuti yapita, zina zonse n'kutaya nthawi. Oyilo pa kagalasi koonera anali wakuda bwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka. Pansi pa chotsekera oyilo panalibe thovu. Kabowo kochenjeza ka pansi pa pampu ya madzi kanali kouma, kusonyeza kuti zotsekera za pampu sizikudontha. Ndinadzaza redieta, inamwa pafupifupi theka la lita, pa njinga imene madzi ake onse safika malita awiri. Ndinaliza chivindikiro chili chotsegula. Tinthovu tinatuluka poyamba kenaka tinasiya. Gasiketi ikaphulika, thovu silisiya, limabwera motsatizana ndi kugunda kwa injini, ndipo ukaponda mafuta madzi amalumpha. Ku ekizozi sikunatuluke utsi woyera. Mtima unakhalako pansi.

Koma ndinaona china. Injini itatentha, madzi pakhosi pa redieta amayenera kuoneka akuyenda ngati kamtsinje. Apa ankangogwedezeka.

Ndinabwereka chivindikiro chabwino pa njinga ina, ndinatseka, n'kuisiya ikulira pamalo amodzi. Ulendo uno ndinakhala pa ndowa pambali pake, foni m'thumba, aliyense wobwera ndikumuuza kuti adikire. Muvi unakwera, unadutsa pakati, unayandikira pofiira. Fani chete. Mnyamata uja anagunditsa waya pa chitsulo, fani inalira. Nthawi yomweyo anati, "Amalume, ndi swichi basi. Zonse zikugwira, yokhayo ndi imene sikulamula."

Maganizo ake sanali opusa, ndipo amisiri ambiri akadagula swichi. Ndinamuuza kuti asanazimitse agwire redieta ndi kuseri kwa dzanja, mosamala, kuyambira pamwamba kutsika. Pamwamba panali posagwirika. Pakati panali potentha mbali imodzi, mbali ina pofunda chabe. Pansi, pamene pali swichi, anatha kusiyapo dzanja. Ndinatenga kachipangizo koyezera kutentha kongolozera kaja. Pamutu pa injini kanawerenga kupitirira 110. Pansi pa redieta, pambali pa swichi, kanawerenga cha m'ma 60. Swichi sinkanama. Madzi amene inkakhudza anali asanafike pofunika fani, ndipo sakadafikapo ngakhale injini ikadapsa. Kutentha kunali kutatsekeredwa kumutu, sikunkafika ku redieta mokwanira. Timadzi tochepa timene tinkadutsa tinkazizira tisanafike pansi.

Ndinamulolabe kuti ayese swichiyo injini itazizira, poti ndi mmene ntchito imalowera m'manja. Anaizula, anaimangirira ku kawaya, anaiviika m'chitini cha madzi pa mbaula, mita ili pa mawaya. Madzi anawira mpaka kugaduka, mita sinalire. Anabwera akumwetulira kuti waipeza yakufa. Ndinamufunsa kuti madzi ake akuwira pa madigiri angati. Tinaviikamo choyezera, chinaima pa 96. Swichi imene imadikira 98 singalumikize m'madzi owira a ku Lilongwe ngakhale utakoleza makala thumba lonse, chifukwa madzi akayamba kuwira sapitiriranso kutentha. Tinataya madzi, tinathira mafuta ophikira, tinatenthetsa pang'onopang'ono tikutakasa. Pa 98 mita inalira. Titaphula, inasiya itatsika pang'ono. Swichi inali yamoyo. Ndikukhulupirira kuti maswichi ambiri abwino atayidwa mumzinda uno chifukwa cha chitini cha madzi owira, ndipo ku Dedza, komwe n'kokwera kuposa kuno, zikhoza kunamiza kwambiri.

Zinatsala zitatu zimene zingaletse madzi kuyenda: pampu, thermostat (kachitseko kamene kamatsekereza madzi mu injini mpaka atatentha), ndi redieta yeniyeniyo.

Pampu ndinaitsegula poyamba chifukwa ndi yapafupi. Mapiko ake anali athunthu, ogwira zolimba pa shafiti, ngakhale anali atakutidwa ndi zoyera zija. Ndinangowapala, nati yake sindinaikhudze. Pa KLR shafiti ya pampu ndi yopyapyala ndipo imathyoka munthu akamanga natiyo ndi mphamvu za pa wilo, ndiye popanda chifukwa sindiyimasula.

Thermostat inatuluka itachita makoko ngati mwala wa mumtsinje. Iyi imayesedwa m'madzi bwinobwino, chifukwa imayenera kuyamba kutseguka cha m'ma madigiri 70 n'kukhala itayasama madzi asanawire. Yathu inakhala yotseka mpaka kupitirira 85, ndipo madzi atawira inatseguka kampata kongolowa chikhadabo. Kabowo kake kotulutsira mpweya kanali kotsekeka. Apa ndinamvetsa chifukwa chake ku bypass njinga inkapirira. Injini ikamathamanga pampu imakankha mwamphamvu, madzi amadzipanikiza pakampata paja, mphepo nayo ikuwomba injini yonse. Pamzere wa m'tauni pampu ikuzungulira mwaulesi, mphepo palibe, kutentha kwa magalimoto oyandikana ndi kwa phula kukubwera komweko.

Redieta tinaichotsa. Kunja, pakati pa timapepe take, munali matope ouma a m'misewu ya ku Nsaru, njere za udzu ndi tizilombo touma, moti kuunika tochi kuseri kuwala kunkangodutsa m'malo owerengeka. Mkati, titathira madzi pamwamba, ankatuluka pansi mwaulesi ndipo anali ofiirira.

Kukambirana ndi mwini wake

Bambo aja atabwera madzulo ndinawayalira zonse pa thebulo: fani ziwiri zamoyo, swichi yamoyo, chivindikiro chong'aluka, thermostat ya makoko. Anayang'anitsitsa, kenaka anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera. "Nanga osangoichotsa bwanji thermostat imeneyi? Si ya kumayiko ozizira? Kuno kwathu ikugwira ntchito yanji?"

Maganizo amenewa ndi ofala, ndipo magalimoto ambiri amene akuyenda mumzinda muno alibe thermostat chifukwa cha iwo. Ine sindigwirizana nawo. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha pa muyezo wake, osapitirira komanso osaperewera. Bambowa amanyamuka 5 koloko m'mawa. Mu Juni ndi Julaye, m'mawa wa ku Mitundu munthu manja amauma pa chiwongolero. Popanda thermostat injini imayenda ulendo wonse ili yozizira, oyilo safewa bwino, chinyezi cha mkati sichiphwa, mafuta amapita ambiri, pisitoni ndi silinda zimadyana msanga. Kuwonongeka kwake sikuoneka sabata imodzi, n'chifukwa chake anthu amati palibe vuto.

Za kulumikiza fani molunjika ndinawafotokozeranso. Pa njinga yawo sizikadathandiza kwenikweni, chifukwa fani ikadangoziziritsa madzi ozizira kale a pansi pa redieta, kumutu kukupsabe. Choopsa china n'chakuti akadamva fani ikulira n'kukhazika mtima pansi. Kuwonjezera apo, magetsi amene njinga iyi imapanga injini ikangolira pamalo amodzi ndi ochepa. Fani yosapuma pamodzi ndi nyali yakutsogolo, pamzere wa tsiku ndi tsiku, zimagwetsa batire, ndipo fani yomwe imatha msanga poti sinapangidwe kuti izizungulira osaleka. Anagwedeza mutu n'kuti, "Chitani mmene mukuonera, koma ulendo uno muiyese ndithu." Mawu amenewo ndinawalandira chifukwa anali oyenera.

Chivindikiro ndinachipeza m'mashopu a zipangizo zamagalimoto ku Area 2, cholembedwa 1.1, cha pakamwa paching'ono. Ndinapita ndi chakale kukafananitsa kuya kwake, chifukwa zilipo zofanana pamwamba koma zosafika pansi pa khosi. Thermostat sinapezeke. Mwana wa mchimwene wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anaigula n'kuitumiza ndi munthu wa pa basi, ndipo inatenga masiku 11.

Masiku amenewo tinathera pa redieta. Tinatseka mabowo, tinadzaza viniga wosakaniza ndi madzi, tinaisiya maola angapo, tinakhuthula, tinatsuka ndi madzi ambiri kuchokera pansi kupita pamwamba, mobwerera mmene madzi amayendera. Tinabwereza kanayi. Ulendo woyamba munatuluka zibulumwa zoyera ndi matope. Mnzanga wina anandilangiza soda yopangira sopo kuti imachotsa msanga. Soda imeneyo imadya aluminiyamu, ndipo redieta iyi ndi ya aluminiyamu, mutu wa injini chimodzimodzi. Ndinakana. Viniga nayenso sindimusiya usiku wonse, ndipo ndimatsuka mpaka fungo lithe. Kunja tinanyowetsa matope kuti afewe, tinatsuka kuchokera kuseri ndi payipi ya madzi wamba, osati makina othamangitsa madzi a kotsukira magalimoto amene amagoneka timapepe. Topindika tinatiwongola kamodzikamodzi ndi sikuludiraiva yaing'ono. Ntchito imeneyo inamutengera mnyamata uja masana athunthu.

Podikira thermostat ndinamanga zonse popanda iyo, ndi madzi oyera, kuti nditsukenso mkati mwa injini komanso ndione ngati maganizo anga anali olondola. Pakhosi pa redieta madzi anayenda ngati mumfuleni. Ndinatseka chivindikiro, ndinakhalanso pa ndowa paja. Patapita mphindi zopitirira 20, muvi uli pamwamba pang'ono pa pakati, relay inati tcha, fani inayamba yokha. Inalira kwa kanthawi, muvi unatsika, inazima. Ndinadikira mpaka inachita zimenezo katatu ndisanazimitse injini. Njinga sindinaipereke masiku amenewo ngakhale bambo aja anaipempha kuti akaonere nazale za fodya. Anapita pa minibasi.

Thermostat itafika ndinaiyesa m'chitini ndisanaimange, yatsopano imene, ndipo inayamba kutseguka cha m'ma 70. Ndinaiyika kabowo kotulutsira mpweya kali m'mwamba. Ndinasintha kapayipi kochoka pakhosi pa redieta kupita m'kathanki chifukwa kanali kouma, ndipo kameneka kakang'aluka kamachita zomwe chinachita chivindikiro chija. Ndinathira coolant theka, madzi oyera aja amagulitsa othira m'batire theka. Apa ndimachenjeza aliyense kuti ndi madzi a batire oyera aja, osati asidi. Ndinathira pang'onopang'ono, ndikupendeketsa njinga uku ndi uku, ndikufinya mapayipi kuti mpweya utuluke. Ndinaliza mpaka thermostat inatseguka madzi n'kutsika, ndinawonjezera, ndinatseka. M'mawa mwake, itazizira, ndinatsegulanso chivindikiro kuona ngati redieta yadzaza mpaka pakhosi. Inali yodzaza, ndipo m'kathanki madzi anali atatsika pang'ono kuchoka pa chizindikiro chimene ndinalemba ndi pentopeni, kusonyeza kuti yayambanso kuyamwa. Oyilo ndi fyuluta tinasintha, chifukwa oyilo amene waphikidwa kangapo sakhalanso ndi mphamvu zake.

Kuyesa kwenikweni ndinakuchitira pamene njinga inkadwalira. Ndinanyamuka ku Biwi cha m'ma 4 koloko masana Lachisanu, ndinawoloka mlatho, ndinakwera mpaka ku Crossroads, ndinatembenuka n'kulowa pamzere wobwerera. Sindinadutse m'mbali ngati anyamata a kabaza, ndinaima kumbuyo kwa minibasi n'kumayenda mmene inkayendera. Fani inayamba ndi kuzima kasanu ndisanafikenso pamlatho, mpweya wake wotentha ndikuumva pabondo. Muvi sunayandikire pofiira. Ndinapitirira mpaka pa Bunda turn-off n'kuthamangako pang'ono, muvi unatsika kufika pansi pa pakati n'kukhazikika. Nditazimitsa pagalaja, injini sinabwate.

Anyamata a kabaza amene ankaonerera ntchitoyi ankafunsa ngati nazo zawo zingawachite chimodzimodzi. Njinga zawo zambiri, ma Lifo ndi ma Boxer, zilibe madzi kapena fani, zimazizira ndi mphepo yowomba pa mapepe a silinda. Zikamatentha ndimayang'ana oyilo, matope omata pa mapepe, kabuleta imene wina waifinya kuti isamadye mafuta, ndi katundu amene akuisenzetsa. Ndi nkhani ina imeneyo, yofuna kulemba payokha.

Bambo aja anabwera patatha masabata atatu monga tinapanganira, mvula yoyamba itagwa kale. Redieta inali yodzaza, m'kathanki madzi ali pa chizindikiro, oyilo woyera, kabowo ka pampu kouma. M'chikwama, mmene munkakhala fani yakale ija, tsopano muli botolo la coolant wosakaniza kale. Ndinawaonetsa mmene angachotsere pulasitiki kuti azitsegula chivindikiro cha redieta kamodzi pamwezi, m'mawa injini isanalire, osati ili yotentha.

Zilipo ziwiri zimene sizinathe. Poyeza ndi kachipangizo kaja, timachubu tiwiri ta kumphepete kwa redieta tikadali tozizira kuposa tinzake, kutanthauza kuti viniga sanatitsegule. Pakadali pano totsalato tikukwanitsa, koma ndawauza kuti akapeza redieta yabwino pamtengo wofikirika asaisiye. Chachiwiri, injini imene yafika pofiira kangapo ndimafuna kuyeza mipata ya mavavu ake, ndipo pa KLR ntchito imeneyo imafuna kuchotsa thanki ya mafuta ndi chivindikiro cha kumutu, komanso kukhala ndi timashimu, tizitsulo tosinthira mipatayo, pafupi. Tagwirizana kuti aibweretse mu Januwale, alimi akamaliza kuwokera fodya, idzagone masiku awiri.